Kuyerekeza mtengo wa ntchito ya boma mapulani asanajambulidwe

Kumakhonsolo ndi m'maunduna funsoli limabwera mofanana. Bajeti ikutsekedwa Lachisanu, ndiye abwana akufuna nambala: mdadada wa makalasi awiri kusukulu yakutiyakuti ungadye zingati? Mapulani kulibe, BOQ (mndandanda wa ntchito ndi zomangira zonse, kuchuluka kwake ndi mitengo yake) kulibe, malo omangapo sanapimidwe n'komwe. Nambala yoperekedwa pa nthawi ngati imeneyi a Chingerezi amaitcha rough order of magnitude, mwachidule ROM. Kumaofesi kuno ambiri amangoti esitimeti yoyamba.

Vuto lake nambala imeneyi ndi loti imakakamira. Amene anaitchula ankadziwa kuti ndi yongoyerekeza, koma ikangolowa m'bajeti ndi m'ndondomeko yogulira zinthu ya chaka, palibenso amakumbukira zimenezo. Phungu waitchula pamsonkhano, komiti ya sukulu yaimva, ndipo miyezi isanu ndi inayi ikadutsa matenda onse (zikalata zimene makontirakitala amapereka popikisirana ntchito) akubwera ndi mitengo yowirikiza kawiri. Kawirikawiri masamu amakhala asanalakwike ayi. Chimene chimachitika n'choti zinthu zina sizinawerengedwe. Malangizo ali m'munsiwa atsatira chitsanzo chimodzi, mdadada wa makalasi awiri womangidwa ndi khonsolo ya boma, ndipo ndalama zonse za m'chitsanzochi ndi zongoyerekeza kuti njira ioneke. Musazikopere m'malipoti anu.

Choyamba: lembani chimene mukuyerekeza

Musanagwire kakyuleta, lembani patsamba limodzi chimene chikumangidwa. Mawu oti "mdadada wa makalasi" sakwanira. Lembani kukula kwake, mwachitsanzo mamita 18 mulitali ndi 8 mulifupi, kuphatikiza khonde la mamita 2 kutsogolo. Zimenezi zikupereka masikweya mita 144 a makalasi ndi 36 a khonde, onse pamodzi 180. Lembani zomangira: mabuloko a simenti kapena njerwa zopsinja zosakaniza ndi simenti, malata a geji 28, mafelemu achitsulo kapena amatabwa. Kumbukirani kuti kuyambira mu 2018 malamulo a dziko lino saloleza njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma, choncho mtengo wa mdadada umene makolo anaumbira okha njerwa sungakuthandizeni.

Kenako lembani zimene simunaziikemo. Mzere umenewu ndi umene umakupulumutsani tsiku la mafunso. Zimbudzi zilimo? Madesiki? Magetsi? Kanjira kokwerera njinga za olumala? Ngalande zochotsa madzi a padenga? Chilichonse chilembedwe kuti chilimo kapena mulibe, pasakhale chongoganizirana.

Ngati amene wapempha nambala sakudziwa mayankho, sankhani nokha chimene chikuoneka chanzeru, mulembe kuti mwaganiza motero, ndipo mumutumizire aone. Akakhala chete, pepala lilipo.

Chachiwiri: fukulani ntchito zitatu zofanana nayo zimene zinatha

Njira yachangu komanso yodalirika pa nthawi ino ndi kuyerekeza ndi ntchito zimene zinamangidwa kale. Pitani ku ofesi ya mkulu wa zomangamanga pakhonsolo, mutenge mafayilo a midadada itatu kapena kuposerapo. Ngati boma lanu lilibe, funsani boma loyandikana nalo.

Apa pali msampha umene ambiri amagwamo. Mufayilo muli nambala zitatu: esitimeti ya injiniya, mtengo umene unasainidwa pa kontirakiti, ndi ndalama zonse zimene zinalipidwa ntchito itatha. Yofunika ndi yachitatuyo. Mtengo wa pa kontirakiti ndi lonjezo chabe. Satifiketi yomaliza yolipirira ndiyo imaonetsa ntchito zoonjezera, kukwera kwa mitengo ndi maziko amene anazama kuposa mmene anajambulira. Ntchito imene kontirakitala anaithawa ili pa lintala isiyeni, ngakhale mtengo wake utakhala wokongola chotani, chifukwa mtengo umenewo ndi umene unamuthawitsa.

Pa ntchito iliyonse chotsani kaye VAT, chotsaninso zimbudzi ndi madesiki ngati zinali mu kontirakiti yomweyo, kuti mutsale ndi nyumba yokha. Mukatero gawani ndi kukula kwake kuti mupeze mtengo wa sikweya mita imodzi. Onetsetsani kuti muyezo ndi umodzi: ena amayeza mkati mwa makoma, ena kunja, ena khonde saliwerengera. Kusiyana kwa khonde lokha m'chitsanzo chathu ndi masikweya mita 36 pa 180, gawo limodzi mwa magawo asanu.

Chachitatu: bweretsani mitengo yakaleyo ku lero

Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Mu May 2022 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700. Fayilo ya ntchito imene inatha masiku amenewo asanafike ikunena za dziko lina.

Ambiri amangotenga chiwerengero cha kukwera kwa mitengo chimene National Statistical Office imatulutsa mwezi ndi mwezi n'kuchulukitsa. Ndi bwino kuposa kusachita kanthu, koma chiwerengero chimenecho chimatsamira kwambiri pa chakudya, makamaka chimanga. Malata ndi zitsulo sizitsatira chimanga. Zimatsatira dola ndi mafuta. Chimanga chitha kutsika nthawi yokolola pamene malata akukwerabe.

Njira yabwino ndi kugawa mtengo pawiri. Gawo loyamba ndi katundu wa m'sitolo: simenti, malata, zitsulo, matabwa, penti, magalasi, misomali. Gawo lachiwiri ndi zapompano: amisiri, aganyu, mchenga, kwale, madzi, ndi phindu la kontirakitala. BOQ ya ntchito yakale ikuuzani gawo lililonse linali lalikulu bwanji. Tiyerekeze kuti ntchito ina inadya K300,000 pa sikweya mita, 60 peresenti katundu wa m'sitolo ndi 40 peresenti zapompano, kutanthauza K180,000 ndi K120,000. Imbani m'mahadiweya atatu a patauni yapafupi, mufunse thumba la simenti la makilogalamu 50, lata limodzi la mamita 3, chitsulo cha Y12 ndi thabwa lofolerera, muyerekeze ndi malisiti akale. Tinene kuti zawirikiza kawiri: K360,000. Zapompano zakwera ndi theka: K180,000. Mtengo wa lero ndi K540,000 pa sikweya mita.

Chitani chimodzimodzi ndi ntchito zina ziwirizo. Tinene kuti zatuluka K500,000 ndi K610,000. Tengani ya pakati, K540,000, osati yotsika. Mtima umakokera ku yotsika chifukwa ndi imene abwana angasangalale nayo. Koma funsani chifukwa chimene inayo inafikira K610,000. Mukapeza kuti inamangidwa padothi lofanana ndi la malo anu, tengani imeneyo.

K540,000 kuchulukitsa ndi 180 ikupereka K97.2 miliyoni. Nambala imeneyi isatuluke mu ofesi. Sinathe.

Chachinayi: malo

Mdadada womwewo sudya mofanana ku Lilongwe, ku Chitipa ndi ku Nsanje. Funsani mafunso anayi, ndipo ngati n'kotheka pitani mukaone ndi maso, olo kwa theka la tsiku.

Katundu afika bwanji? Werengani makilomita kuchokera kumene kuli mahadiweya akuluakulu, ndipo muone ngati lole ya matani 10 ingafike nthawi ya mvula. Ngati panjira pali kamlatho kamatabwa, katundu adzatsitsidwa n'kukwezedwanso m'kagalimoto kakang'ono kapena m'ngolo. Ku Likoma chilichonse chimakwera sitima kapena boti, ndipo simenti ina imafika itauma kale.

Mchenga ndi kwale zili kuti? Mchenga wa m'dambo wosakanikirana ndi dothi suyenera konkire, ndiye "mchenga ulipo pafupi" amene anena a komiti atha kukhala wa pulasitala wokha.

Madzi ali kuti? Konkire amafuna kuthiriridwa masiku osachepera 7. Ngati mjigo ndi umodzi wa mudzi wonse, konzekerani kulipira otunga kapena galimoto yamadzi.

Dothi ndi lotani? Ili ndiye funso lodula kwambiri. Makande a ku Chigwa cha Shire ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amafufuma mvula ikagwa n'kung'ambika dzuwa likawomba, ndipo maziko wamba amasweka nawo limodzi. Pamalo otere mumafunika kukumba mozama, kuthira dothi lina, ndi kuika zitsulo zambiri. Pamalo otsetsereka khoma la maziko limatalika mbali ya kumunsi. Kumene madzi amasefukira, monga madera amene anakhudzidwa ndi namondwe Freddy mu March 2023, pansi pamayenera kukwezedwa. Yang'anani nyumba zoyandikana: ming'alu yoyenda mopingasa kuchokera pakona ya zenera ikukuuzani zimene dothi lidzachite ndi mdadada wanu.

M'chitsanzo chathu tiike 12 peresenti ya mtunda ndi msewu, dothi tiliganizire kuti ndi labwino. Tafika pa K108.9 miliyoni.

Chachisanu: onjezani zimene sikweya mita siona

Tsopano bwererani ku tsamba loyamba lija. Zimbudzi zokumba za anyamata ndi atsikana, tinene K14 miliyoni. Madesiki 60 pa K120,000 iliyonse, K7.2 miliyoni. Ngalande, masitepe ndi kusalaza malo, K5 miliyoni. Zonse pamodzi K26.2 miliyoni, ndipo tafika pa K135.1 miliyoni.

Kuyang'anira ntchito nakonso kumadya. Kaya ndi kampani ya akatswiri kaya ndi ogwira ntchito a khonsolo, pamafunika mafuta, kupima konkire, ndi maulendo a kusaiti. Ikapanda kuikidwa ndalama imeneyi, woyang'anira amafika ntchito ili padenga, zitsulo za m'maziko zitakwiririka kale. Tiike 5 peresenti: K141.8 miliyoni.

Ndiye pali ndalama ya zadzidzidzi. Pa BOQ yomaliza ambiri amaika 5 kapena 10 peresenti. Pa esitimeti yoyamba imeneyo ndi yochepa, poti zosadziwika n'zambiri. Pa nyumba ya pulani yodziwika ngati iyi, 15 peresenti ndi yoyenera. Pa mlatho kapena kukonzanso nyumba yakale, kumene simudziwa chimene mupeze mukasasula denga, kwezani. Tafika pa K163.1 miliyoni.

Chachisanu ndi chimodzi: nthawi ndi misonkho

Mtengo mwaupezawu ndi wa lero, koma ntchito sikugwiridwa lero. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, kuchokera mu 2022. Ndalama zivomerezedwe, mapulani ajambulidwe, tenda ilengezedwe, komiti yoona zogula ikhale pansi, kontirakiti isainidwe. Zikachedwa pang'ono, mvula ya December yakupezani muli pa maziko. Werengani miyezi kuchokera lero kufika pakatikati pa nthawi yomanga, osati tsiku loyamba, chifukwa katundu amagulidwa pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Tinene miyezi 9, mitengo ikukwera ndi 2 peresenti pamwezi: 18 peresenti, K29.4 miliyoni. Tafika pa K192.5 miliyoni.

Musasakanize ndalama iyi ndi ya zadzidzidzi. Kukwera kwa mitengo si kwadzidzidzi, aliyense akukudziwa. Mukaziphatikiza mzere umodzi, wodula bajeti adzaona 33 peresenti ya "zina ndi zina" n'kuidula ndi cholembera chimodzi.

Pomaliza misonkho. VAT inakhala pa 16.5 peresenti kwa zaka zambiri, ndipo ndi imene tagwiritsa ntchito pano: K31.8 miliyoni. Mlingo umenewu umasintha ndi bajeti ya boma, choncho tengani wa tsiku limene mukulemba ku MRA, ndipo ngati ndalama ndi za mabungwe othandiza, onani ngati mgwirizano wawo ukuchotsa msonkhowu. Palinso levi ya PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, ndi ya bungwe loyang'anira makontirakitala limene ambiri amalidziwa ndi dzina loti NCIC, iliyonse yakhala ili pa 1 peresenti: pafupifupi K3.9 miliyoni. Zonse pamodzi K228 miliyoni.

Taonani kumene tachokera. Nambala ya sikweya mita inali K97.2 miliyoni. Ndi imene munthu wofulumira akanatchula pafoni, ndipo siikwana ndi theka lomwe.

Chachisanu ndi chiwiri: yesani nambalayo ndi njira ina

Ola limodzi ndi lokwanira kuwerenga zinthu zikuluzikulu kuti muone ngati simunasochere. Makoma: kuzungulira ndi mamita 52, kuphatikiza khoma logawa makalasi la mamita 8, onse 60. Kutalika mamita 3, ndiye masikweya mita 180. Chotsani pafupifupi 30 a zitseko ndi mazenera, atsala 150. Mabuloko a mamilimita 400 kwa 200 amalowa 12.5 pa sikweya mita, kutanthauza 1,875, ndipo mukaonjezera 5 peresenti ya osweka ali pafupi ndi 1,970. Apa simunawerenge a m'maziko ndi a m'magebulo. Silabu ya pansi yokhuthala mamilimita 100 ndi makyubiki mita 18 a konkire; pa kasakanizidwe ka 1:2:4 (simenti, mchenga, kwale) kyubiki mita imadya matumba 6 kapena 6 ndi theka, ndiye matumba 110 kapena 120 pa silabu yokha. Denga silifanana ndi pansi: chifukwa cha kupendekeka ndi malata otulukira kunja kwa makoma, masikweya mita 180 amasanduka oposa 220.

Ikani mitengo ya lero pa zinthu zimenezi, muone gawo limene zinatenga mu BOQ yakale kuti mupeze mtengo wa nyumba yonse, n'kuuyerekeza ndi wa sikweya mita uja. Ngati njira ziwirizi zikusiyana ndi 10 kapena 15 peresenti, muli bwino. Zikasiyana ndi theka, penapake pali cholakwika, ndipo kawirikawiri chimakhala VAT yowerengedwa kawiri, khonde loiwalika, kapena fayilo yakale imene inali ndi ntchito zina mkati.

Chachisanu ndi chitatu: perekani malire, osati nambala imodzi

Akatswiri oyerekeza mitengo anagwirizana kalekale kuti nambala yoyamba imaphonya kwambiri. Bungwe la AACE International limagawa maesitimeti m'magulu asanu. Gulu lachisanu, pamene ntchito yangodziwika mpaka 2 peresenti yokha, mtengo weniweni utha kutsika ndi 20 mpaka 50 peresenti kapena kukwera ndi 30 mpaka 100 peresenti. Gulu lachinayi limatsika ndi 15 mpaka 30 n'kukwera ndi 20 mpaka 50. Oyendetsa mapulojekiti ambiri amagwiritsa ntchito malire a 25 peresenti kumunsi ndi 75 kumtunda. Onani kuti mbali ya kumtunda ndi yaikulu nthawi zonse. Zoiwalika zimaonjezera mtengo, sizichotsa.

Mdadada wa makalasi wamangidwa kambirimbiri, choncho malire a mlatho watsopano angakhale okokomeza. 15 peresenti kumunsi ndi 30 kumtunda ndi zokwanira. Lembani motere: pakati pa K195 miliyoni ndi K300 miliyoni, ya pakati K230 miliyoni, pa mitengo ya mwezi wakutiwakuti, VAT ili momwemo. Musalembe K228,074,315. Manambala ofika mpaka pa kwacha amanamiza owerenga kuti munapima chilichonse.

Fomu ya bajeti ili ndi bokosi limodzi lokha, n'zoona. Ikanimo ya pakati kapena yoposerapo pang'ono, koma memo yokhala ndi malire, tsiku, zimene munaganiza ndi zimene simunaikemo imatidwe kumbuyo kwake. Abwana akati ndalama ilipo ndi K150 miliyoni basi, musatsitse mtengo wa sikweya mita kuti zigwirizane. Chotsani ntchito poyera: madesiki adikire chaka chamawa, kapena mumange kalasi imodzi. Nyumba zambiri zoima pa mazenera, udzu utamera mkati, zinayamba ndi nambala yokankhidwa kuti ilowe m'bokosi.

Kumene nambalayi imakagwiranso ntchito

Esitimeti yoyamba siithera m'bajeti. Ndi imene imasankha njira yogulira: kupempha makotesheni, kulengeza tenda m'dziko muno, kapena kuitana ndi makampani akunja omwe. Malire a ndalama a njira iliyonse amaikidwa ndi PPDA ndipo amasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndiye onani chikalata chatsopano. Ndi imenenso imanena gulu la makontirakitala oyenera kupikisana, poti amalembetsedwa molingana ndi kukula kwa ntchito imene angaigwire. Mukayerekeza motsika, mudzaitana gulu laling'ono, matenda adzabwera opyola malire a gululo, ndipo mudzayambiranso miyezi itatu itapita. Kuduladula ntchito imodzi kuti chidutswa chilichonse chikhale pansi pa malire n'koletsedwa ndi lamulo, ndipo ofufuza mabuku amakuona msanga.

Mapulani ndi BOQ zikatuluka, esitimeti yoyamba ipume. Matenda ayerekezedwe ndi esitimeti ya injiniya yokonzedwa pafupi ndi tsiku lotsegula, ndipo imeneyo isungidwe mwachinsinsi. Ikatuluka, mudzaona matenda atatu ataunjikana pansi pake penipeni.

Kwa kontirakitala kapena wogulitsa amene wafunsidwa nambala

Ofesi ya boma ikakuimbirani kuti "tangotiuzani mongoyerekeza", dziwani kuti akufufuza msika, sakukupatsani ntchito. Yankhani molemba, osati pafoni. Lembani kuti mtengowu ndi wothandiza pokonza bajeti, si tenda, ndipo ukugwira ntchito masiku 14 kapena 30. Nenani ngati VAT ndi thiransipoti zilimo. Ngati katundu ndi woitanitsa kunja, tchulani mtengo wa dola umene mwagwiritsa ntchito. Tchulaninso masiku amene mukuyembekezera kulipidwa, chifukwa ndalama yobwereka kubanki yodikira malipiro miyezi isanu ndi umodzi ili ndi chiwongoladzanja chake, ndipo gawo lina la malipiro limagwiridwa mpaka nthawi yokonza zolakwika itatha.

Kutchula mtengo wotsika kuti akukondeni kumakupwetekani nokha. Nambala yanuyo ndi imene idzalowe m'bajeti, ndipo tsiku la tenda mtengo wanu weniweni udzaoneka ngati mwakweza dala. Musawajambulirenso mapulani kapena kuwalembera zofunika za tenda mwaulere: amene wathandiza kukonza zikalata za tenda atha kuletsedwa kupikisana pa ntchito yomweyo.